Tsiku Limene Ndinaweruza Mtengo wa Pichesi

Zaka zanga zonse za ntchito ndinazithera ku tiribunale, bwalo la milandu la boma, nditaima pakati pa juwizi woweruza ndi woimbidwa mlandu ngati mpanda wa minda iwiri. Juwizi akalankhula Chipwitikizi, ine ndinkachitembenuzira m'Chinyanja. Munthu akalira m'Chinyanja, ndinkatembenuza kulirako kuti boma limve. Ndinamasulirapo mlandu wa mbuzi imodzi umene eni ake anaukoka, uyu mboni zatsopano, uyo mboni zatsopano, mpaka mbuziyo inabereka, ana ake anaberekanso, ndipo tsiku la chigamulo panja pa tiribunale panali khola lathunthu. Anthu amati ndimawonjezera. Sindiwonjezera ine. Ndikanama, mphenzi indipeze m'chilimwe.

Pakamwa panga panatuluka zaka za anthu: uyu ziwiri, uyu zisanu ndi zitatu, uyo makumi awiri. Koma mawu akuti "uphedwe" sanatulukepo, chifukwa dziko lathu linachotsa chilango cha imfa nkhondo isanathe n'komwe. Ndinapuma ntchito m'manja mwanga muli moyera, n'kubwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Domwe, ndili ndi maganizo akuti milandu ndathana nayo.

Kumudziko ndinali ndi mnzanga mmodzi weniweni, alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono. Pakhomo pawo panali mtengo wa pichesi umene anabzala chaka chimene anakwatira. Mapichesi ake anali aakulu moti limodzi linagwera tambala pamutu, tambalayo analira masana kwa sabata yathunthu. Funsani aliyense wa m'mudzi mwathu. Pansi pa mtengowo tinakumba maenje a bawo, ndipo m'malo mwa nkhomo tinkasewerera nthanga za mapichesi ake omwewo, zimene alamu ankasunga m'chitini cha mkaka. Lamulungu lililonse tikatuluka ku misa tinkakhala pamenepo, iwo n'kumandibera nthanga, ine n'kumawaberanso ndi kuwanamiza.

Nkhani imene sitinkagwirizana inali ya chilango cha imfa. Alamu ankasirira tsidya la malire, ku Malawi, kumene chilangocho chidakali m'mabuku.

"Boma lanuli ndi lofewa ngati papaya, alamu," ankatero. "Munthu wapha mnzake, inu mukumudyetsa nyemba ku kadeya, kundende? Ku Dedza uko sangayerekeze."

"Nakonso ku Dedza angochisunga ngati jekete la ukwati. Salivala, koma kutaya akukana."

"Bola kukhala nalo. Wakupha aziphedwa."

"Ndiye mukufuna kumulanga munthu ndi chinthu chimene inunso mudzalandira osalakwa? Amayi anu aja anapha yani kuti afe? Tonsefe chigamulo chinagwa kale, alamu. Kalata yokha ndiyo ikuchedwa pa njira."

"Sewerani bawo, a pulofesoli a bodza inu. Dzanja lanu ndaliona."

Ankaseka mpaka kutsokomola. M'dziko lonse la Angonia munalibe munthu wina woseka nthabwala zanga ngati iwo, ngakhale zimene anali atazimva kakhumi.

Mwana wawo woyamba, muphwa wanga, anali bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu. Ankanyamula matumba a mbatata pa njinga kupita nawo ku malire a Kalomwe. Ndinamuonapo akukwera chitunda ndi matumba atatu, pamwamba pa matumbawo atakhalapo mayi ndi nkhuku yake, iye akuimba mluzu. Tsiku lina la mwezi wa Julaye, kukuzizira moti mawu ankaundana pakamwa, anadutsa pakhomo panga madzulo dzuwa likadalipo. Anandionetsa tcheni chatsopano cha njinga yake, n'kunena kuti, "Amalume, mbande za kabichi zija mundisungireko mizere iwiri, ndidzatenga Loweruka." M'mawa mwake anamupeza mu mtengo wa pichesi uja. Anali atadzipha.

Apa ndilibe choti ndilumbirire, chifukwa ndilibe chimene ndikudziwa. Sanakangane ndi mkazi wake. Sanadwale matenda amene tinkawadziwa. Sanasiye kapepala. Tinafunsa anzake a njinga, tinafunsa ku tchalitchi, tinafunsana tokhatokha mpaka kuyamba kuyang'anana ndi maso oipa. Munthu woti wagula tcheni chatsopano, woti waitanitsa mbande za Loweruka. Ndinamasulira milandu ya anthu akupha, akuba, otentha nyumba za anzawo, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake, ngakhale chopusa. Uyu yekha anatisiyira mlandu wopanda mawu oti nditembenuze. Mbande zija ndinazithirira mpaka zinakalamba pa nazale. Sindinazioke, sindinazizule.

Padiri anabwera, anapemphera, anati zimene zinali mumtima mwa mwanayo akuzidziwa ndi Mulungu yekha, ndipo sitiyenera kumuweruza. Tinamuika bwinobwino. Koma kwathu kuno mlandu wotere sukhala wopanda wolakwa. Munthu akafera mu mtengo mwa njira imeneyi, mtengowo umadulidwa, n'kutenthedwa pomwepo, nthambi, thunthu ndi chitsa chomwe. Nkhuni zake saphikira, phulusa lake sathira m'munda. Akuluakulu amati mtengo ukalawa munthu umaitana wina. Ndipo wolamula kuti udulidwe si bambo wa malemu ayi, koma mwini mbumba, malume. Malumeyo ndinali ine.

Tsiku lometa, adzukulu okumba manda anafika ndi nkhwangwa. Alamu anatuluka m'nyumba, mutu uli mbee, n'kukakhala pansi atatsamira thunthu.

"Alamu," ndinatero, "mwambo mukuudziwa."

"Ndikuudziwa. Koma inu ndinu a ku tiribunale. Mwaufunsa mtengowu?"

Anthu anayang'ana pansi. Ine ndinayesa kuti misala yayamba, koma maso a alamu anali bwinobwino.

"Walakwa chiyani? Unamuitana? Unamutsata? Zaka zonsezi wadyetsa ana anga, wadyetsa inu, mbala ya bawo. Iye anaphunzira kukwera pa nthambi iyi. Tonsefe tinali m'tulo, uwu wokha ndiwo unali naye. Ndiye amene anali naye aphedwe, amene tinagona tikhale?"

"Si ine ndinapanga mwambowu, alamu."

"Si inu munkati kupha si chilango? Bwerezani pano, anthu amve."

Zimene ankanena zinali mawu anga, ndipo ine zimene ndinabwera kudzachita zinali mawu awo. Tinali titasinthana mbali za bawo osadziwa. Ndinachita chimene ndinaphunzira kuntchito: ndinaimitsa mlandu. Ndinauza adzukulu kuti abwere mwezi ukatha, mitima ikazizira. Anachoka akung'ung'udza, ndipo mayi wina wachikulire anandiuza m'maso muli gwa kuti sukulu inandidya mutu.

Mwezi unatha, ndinaimitsanso. Kenaka mu Ogasiti mtengowo unachita chinthu chimene mpaka lero sindinaukhululukire: unachita maluwa. Wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, koma maluwa okhaokha, ofiirira, ochuluka kuposa chaka china chilichonse. Njuchi zinkabwera kuchokera ku Ulongwe, zina ndikukhulupirira zinadumpha malire opanda chiphaso. Pakhomo pamene anthu ankalankhula monong'ona, mtengo unavala ngati ukupita ku ukwati. Sunkanyoza ayi. Bola ukanakhala kuti ukunyoza. Unkangochita za nyengo yake, osadziwa kuti panafa munthu.

Masiku amenewo ndi pamene mlongo wanga anandipeza kudimba ndikuthirira. Sanandipatse moni. Anakhala pa mzere, n'kumakumba dothi ndi chala.

"Achimwene, mwaona mbuzi zathu?"

"Ndaziona. Zadya kabichi wanga, zadya katekisimu wa mwana wa oyandikana nawo, dzulo zinali pa mzere wa kuchigayo."

"Ndinabisa zingwe zonse. N'chifukwa chake zikuyendayenda."

Ndinaika kheni pansi.

Anandiuza kuti alamu sakupitanso kumunda. Akadzuka amakakhala pansi pa mtengo, osayang'ana kunjira ngati kale, koma m'mwamba. Jekete lawo la Lamulungu anapatsa mkamwini. Khasu limene anabwereka kwa msuweni wawo zaka zinayi zapitazo, limene ankalumbira kuti ndi lawo, anakabweza okha.

"Ine ndaika mwana, achimwene. Sindinatsale ndi misozi ya munthu wachiwiri. Ngati mtengo umaitana kapena suitana, ine sindikudziwa, sindinapite kusukulu ngati inu. Koma akuuyankha."

Madzulo a tsiku lomwelo ndinapita. Ndinawapeza pamalo pomwe paja, maluwa atawagwera m'mutu ndi m'mapewa, osawasasa. Maenje a bawo anali atadzaza fumbi. Ndinayamba kuwafukula ndi kamtengo, n'kuwauza za shapa, kaminibasi, imene ndinakwera popita ku Tete, yodzaza moti kondakitala anatiuza kuti tizipuma mosinthana, a kumanzere kenako a kumanja. Nkhani imeneyi inawagwetsapo pa mpando. Tsikulo inagwa yokha pansi ngati chipatso chowola.

Ndinasiya nthabwala. Zinali ngati kuvula pamaso pa anthu.

"Alamu, ndikufunseni mosazungulira. Mukuganiza zomutsatira?"

Anayang'ana m'mwamba, m'maluwa. Njuchi zokha.

"Sikuti ndikufuna kufa," anatero. "Ndili ndi funso limodzi lokha loti ndikamufunse. Limodzi basi."

"Nanga yankholo mudzabwera nalo bwanji kuno? Mlongo wanga nayenso akulifuna. Ine ndikulifuna. Mukapita, mutisiyira mafunso awiri."

"Inu mumadziwa kulankhula."

"Mawa tipite limodzi kwa padiri. Kapena kuchipatala, kuli anthu amene amamva zoterezi."

"Padiri ali ndi mwana?"

Tinapitabe. Ndinawakoka ngati ng'ombe yokana dibi. Padiri analankhula nawo bwino, namwino analankhula nawo bwino, iwo anavomera zonse mwaulemu, "inde, inde, zikomo," n'kubwerera pansi pa mtengo.

Ndinaganiza masiku atatu. Ine sindikhulupirira kuti mtengo uli ndi pakamwa. Koma sindikhulupiriranso kuti munthu angagule tcheni chatsopano madzulo, m'mawa n'kukhala kulibe, ndipo zimenezo zinachitika. Chikhulupiriro changa chinali chitasiya kugwira ntchito, ngati wailesi yonyowa. Chimene chinatsala chinali chakuti mbali imodzi kuli mtengo wosalakwa, mbali ina kuli alamu anga.

Panali chikalata cha imfa chimene chinkafunika kukatengedwa ku ofesi ku Ulongwe, ndipo wokatenga anayenera kukhala bambo wake. Ndinauza mlongo wanga kuti awaperekeze, ndipo asafulumire kubwerera. Shapa itangonyamuka, ndinaitana adzukulu.

Mwambo umafuna kuti mwini mbumba alankhule nkhwangwa isanagwe. Ndinaima patsogolo pa mtengowo ngati mmene ndinkaimira kuntchito, manja kumbuyo. Panalibe juwizi woti ndimutembenuzire mawu. Anali anga. Ndinati, "Iwe mtengo, watenga mwana wathu. Usatengenso wina. Lero ugwa." Mkulu wa adzukulu anagwedeza mutu kuti ndalankhula bwino. M'moyo mwanga monse ndanama mabodza ambiri, akuti tambala, akuti njuchi, koma limene ndimachita nalo manyazi ndi ilo lokha, ndipo ndi lokhalo limene anthu onse analikhulupirira.

Mtengo wa pichesi si wolimba. Zaka makumi atatu ndi zingapo zinagwa nthawi yosakwana kuphika tiyi. Wauwisi suyaka msanga, choncho tinaunjikira mapesi ndi udzu, ndipo utsi wake unali woyera, wonunkhira bwino mochititsa manyazi. Njuchi zinapitiriza kuzungulira m'mwamba pamene panali nthambi, osapezapo kanthu, mpaka dzuwa linapendeka.

Alamu anatsika shapa utsi ukadafuka. Anabwera pang'onopang'ono, chikalata chili m'manja. Anayang'ana phulusa, anayang'ana kumwamba kumene kunali kutatseguka pakhomo pawo, kenako anayang'ana ine. Ndinali nditakonzeka kumenyedwa. Ndinali nditavula ngakhale magalasi.

"Mwapha mboni," anatero.

"Alamu..."

"Musanditchule alamu. Mwaweruza ine kulibe. Mwanditumiza ku Ulongwe ngati mwana. Munali mmodzi yekha amene ndinkati ali ndi mutu." Mawu awo anali otsika, koma aliyense pabwalopo anamva. "Mukuganiza kuti mwandipulumutsa? Chabwino. Mvetserani. Ine sindifa inu musanafe. Ndikufuna ndidzakhalepo pa maliro anu. Akadzati, alipo wa kuchibale woti alankhule, ndidzaimirira, ndidzauze anthu kuti m'bokosimu muli wakupha."

Mlongo wanga anaphimba nkhope ndi chitenje. Anthu anayesa kuti akulira ndi manyazi. Ine ndinaona mapewa ake akutsika, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera kuphiri.

M'mawa mwake ndikumwa tiyi, ndinamva kanthu kakugunda pa malata a denga langa, n'kugubuduzika, n'kugwa pansi. Nditatuluka ndinaona alamu akupita kudimba, khasu pa phewa, osacheuka. Pansi panali nthanga ya pichesi. Pa zonse za mtengo uja, chitini cha bawo chokha ndicho chinapulumuka, chifukwa chinali m'nyumba, ndipo palibe mdzukulu amene anachikumbukira. Ine ndinachikumbukira, koma tsiku limenelo ndinali nditaweruza mokwanira.

Tsiku lotsatira, nthanga inanso. Lotsatiranso, inanso. Njira ya kudimba kwawo siyodutsa kwanga. Amachita kuzungulira, kuwoloka kamtsinje, kukwera chitunda, kuti adzandigende. Munthu wa zaka zake.

Nthanga za bawo zilipo makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi. Patatha milungu isanu ndi umodzi ndinayamba kuchita mantha ndi tsiku limene chitini chidzakhale chopanda kanthu. Ndinatola zonse zimene zinali m'mphepete mwa nyumba, zina ndinachita kukwera makwerero kukazichotsa m'ngalande za malata, n'kukapatsa mlongo wanga kuchigayo. Anazibwezera m'chitini iwo ali kudimba. Kuyambira pamenepo ndi ntchito yanga ya Loweruka lililonse. Iwo amagenda, ine ndimatola, mlongo wanga amabwezera. Chaka chino n'chachitatu. Munthu amene ankadziwa ndikabisa nthanga imodzi m'chikhatho sangalephere kudziwa kuti chitini chake sichikutha. Sanafunsepo. Ifenso sitinanenepo.

Musaganize kuti tinagwirizana. Ku misa akandiona amasamukira benchi ina. Pa ukwati wa mdzukulu wathu anauza wophika kuti mbale imene ndadyera ine aitaye. Sanasekenso nthabwala yanga, ndipo sindinamvepo kuti aseka ya wina. Amalima, amadya, amagona, mbuzi zinabwerera pa zingwe. Mlongo wanga amasesa bwalo n'kulambalala malo akuda aja pamene sipamera kanthu. Mkazi wa malemu anabwerera kwawo ndi ana. Njinga ili m'nyumba, tcheni chake chatsopano chinachita dzimbiri chisanazungulire ulendo ndi umodzi womwe. Chifukwa chimene mwana uja anachokera sitikuchidziwa, ndipo ndasiya kuyembekeza kuti chilipo chimene tikanachimva n'kunena kuti, oo, n'chifukwa chake.

Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina akanakhala moyo ngakhale mtengo ukanatsala, kuti mwina unali malo okhawo amene ankakhala pafupi ndi mwana wawo, ine n'kuwalanda. Palibe tiribunale yoti ndikachiteko apilo. Woweruzidwayo ndi phulusa.

Chimene chinandisinthira ine n'chakuti tsopano sindiloledwa kufa. Ndikafa, alamu adzalankhula mawu awo pa maliro, adzakhala pansi, ndipo m'mawa mwake adzasowa denga loti agende. Choncho ine, munthu amene ndinkataya mankhwala a kuchipatala m'chimbudzi, ndimamwa mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi pa nthawi yake ngati sisitere. Mchere ndinasiya. Kachasu ndinasiya. Ndikafuna kuwoloka msewu wa ku Domwe ndimayang'ana uku ndi uku mpaka oyendetsa njinga zamoto amaima n'kundifunsa ngati ndasochera. Sindikonda moyo kuposa kale ayi. Masiku ambiri ndimadzuka osaona kuti dzuwa likutulukiranji. Koma ndili ndi munthu wodana nane amene ndiyenera kumusunga.

Mwezi wathawu, tsiku lina m'mawa, denga linakhala chete. Tiyi anazizira m'kapu. Ndinadikira mpaka ana a sukulu atadutsa, kenako ndinathamanga. Ine wa mawondo awa ndinapitirira njinga yamoto pa chitunda, woyendetsa wake alipo, mukhoza kukamufunsa. Ndinafika pakhomo paja koyamba chidulireni mtengo, mpweya utandithera, ndipo maso anga anayamba kuyang'ana m'mwamba, m'mitengo ya oyandikana nawo, ndisanayang'ane kukhomo.

Mlongo wanga anatuluka ndi beseni.

"Ndi malungo, achimwene. Tapita nawo kale kuchipatala, amwa mankhwala. Agona."

Ndinakhala pansi pa khonde. Kenako m'katimo munamveka mawu, ofooka, onjenjemera ndi kuzizidwa.

"Ndani ameneyo?"

"Ndi achimwene."

"Muuzeni wakuphayo achoke pakhomo panga. Asaganize kuti nditsogola."

Ndinachoka. Anagona masiku anayi. Tsiku lachisanu lake m'mawa, pa malata panagwa nthanga zisanu, imodziimodzi, mosafulumira. Ndinaziwerenga ndili m'nyumba, kenako ndinameza piritsi langa, n'kutenga kambale kokatolera.